Tinsalu ta pa Lupanga la Mganda

Lupanga lija analitenga Lachinayi masana, anthu onse a pakomboni ali kumunda kudulira tiyi. Anatenganso wolisunga wake, Tobiyasi, yemwe tsikulo sanapite kuntchito chifukwa cha chifuwa. Loness potsika m'phiri, mpeni wodulira udakali m'manja, anapeza chitseko cha achimwene akewo chili chotsegula, mphasa zitatembenuzidwa, kaufa kamene kanalipo katamwazika pansi. Pakhoma panatsala msomali, ndi mzere woyera pamalo pomwe utsi wa zaka zonsezi sunafikepo.

Chinali chaka cha 2008, m'nyengo yozizira ija ya pakati pa zisankho ziwiri. M'magolosale a ku Ruda, katauni ka pafupi, munali mashelefu ndi fumbi basi. Anyamata a chipani anali atamanga msasa m'chishedi chakale choyezeramo tiyi, ndipo ntchito yawo, monga ankanenera eni ake, inali yosaka ogulitsa dziko. Ogulitsa dziko sankavuta kuwapeza m'chigwa cha Honde. Unkangopita pakomboni ya esiteti, pomwe pankakhala anthu amene agogo awo anachokera ku Malawi, amene zitupa zawo zinkati ndi alendo ngakhale michombo yawo inakwiriridwa pomwepo. Paja amati mlendo ndi mame. Mame awa ndiye anali atakana kuuma, ndipo ena zinkawapweteka mutu.

Tinene msanga kuti lupangalo silinadulepo ngakhale nkhuku. Linali la mganda, gule uja amavina amuna atavala zoyera, akuguba pamizere ngati asilikali, ena akuliza malipenga a mphonda zouma. Agogo a Loness, a Jaison, ndiwo anabwera nalo wapansi kuchokera ku Ntchisi n'kuyambitsa gululo kuminda ya tiyi ya ku Chipinge. Banjalo litasamukira ku Honde, gule ndi lupanga zinasamuka nawo. Wotsogolera gululo, amene ankamutcha Kingi, ankavina patsogolo atalinyamula. Mbiri yake mwana aliyense wa pakomboni ankaidziwa: a Jaison anali mtengatenga pankhondo yoyamba ya azungu, ndipo lupangalo analitenga pamtembo wa mkulu wa asilikali a Ajeremani.

Linali ndi miyambo yake iwiri. Khirisimasi ikayandikira, mkazi wa m'banja la Kingi ankalikwecha ndi phulusa ndi mchenga wa mumtsinje wa Pungwe, monga achitira mapoto, mpaka lichite waliwali. Ntchito imeneyi Loness anailandira kwa amayi ake. Ankaligoneka pasaka n'kuligwira kuchitsulo, chifukwa kuchogwirira dzanja la mkazi silinkafikako. Kumeneko kunali kwa akufa. Kingi akamwalira, ankang'amba kansalu kumalaya ake ovinira n'kukamanga pachogwirirapo, pamwamba pa tinsalu ta amene anatsogola, moti chogwiriracho chinali chitatupa ngati mpira wa nsanza. Kumasula kansalu ngakhale kamodzi kunali kuvula wakufa pagulu. Anthuwa anali Akhristu, oimba kwaya ndithu, koma pa zimenezi ngakhale abusa ankayang'ana kumbali.

M'mawa mwake Loness anapita kuchishedi kuja atatenga mbatata zophika m'kambale. Pakhomo anapeza Chamunorwa, mkulu wa anyamatawo, atakhala pasikelo yakufa, lupanga lili pamiyendo. Ameneyu Loness ankamudziwa kuyambira akuyenda chibadwire. Bambo ake anali Mmanyika wa ku Ruda, wa mtundu wa eni dziko, koma mayi ake, Agripina, anali mwana wa pakomboni pomwepa. Tsopano Chinyanja chinali chitamuthawa, akuti sankachimvanso, chonsecho ukamunena m'Chinyanjamo nkhope inkasintha nthawi yomweyo.

"Mauya kuzoona mutengesi wenyu?" anafunsa m'Chishona.

"Ndabwera kudzaona achimwene anga," Loness anayankha m'Chinyanja. "Wogulitsa sindikumudziwa. Pakomboni palibe amene ali ndi choti agulitse."

Chamunorwa anatenga mbatata ziwiri m'kambale muja, imodzi n'kuponyera mnzake. Kenako anafotokoza mlandu uku akusenda. Lupangali, iye akuti bakatwa, linali la Angerezi. Manijala wakale wa esiteti, bambo ake a Craig wa kufakitale, ndiye analipereka kwa Tobiyasi kuti alisunge mpaka tsiku lodzapha nalo ana a nthaka. Lamulungu masana, pabwalo la mpira, Tobiyasi avomere zimenezo pamaso pa anthu, ndipo lole idzatenga banja lonse kukalitula kumalire. Akakana, Chamunorwa sanamalize mawu, anangoloza ndi chibwano mitengo ya bulugama imene inali itatsamira khoma.

Tobiyasi anali m'kati, atakhala pamatumba. Mwamuna uja ankati akaponda pansi pa mganda akazi n'kuiwala ana kumbuyo, tsopano mapazi ake anali atatupa, kunsi kwake kuli bii. Anali atamumenya kumapaziko dala, podziwa kuti ndi wovina.

"Ndivomera, mlongo," anatero motsitsa mawu. "Ndikavomera atisiya amoyo."

"Atisiya kuti? Ku Ntchisi mukudziwako ndani, achimwene? Ngakhale njira yake simukuidziwa. Nanga Craig, mukamutchula, amusiya?"

Loness anatuluka mtima ukuwira. Mantha anali nawo, tisaname, koma chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti bodza lopusa chotere likhoza kuzula anthu pamanda a makolo awo. Lupanga linali la Mjeremani. Chinkangofunika n'kupeza polozapo chala.

Craig anali makaniko, mwamuna wa khungu loyererako, mwana wa manijala uja ndi mayi wina wa ku Ruda. Bambo akewo anapita kunja kalekale, osamusiyira kanthu kupatula dzina ndi mphuno. Koma mzunguyo ankakonda kusonkhanitsa malupanga akale, ndipo Craig pa ubwana wake ankaloledwa kulowa m'nyumba yaikulu kukawapukuta, ndiye zina anatolako. Loness anamupeza atagona chagada pansi pa makina opotera masamba, magetsi atazima monga mwa masiku onse.

"Mai Anotida," anatero Craig, kumutchula ndi dzina la mwana wake woyamba monga achitira kuno, "dzina langa lalowamo kale m'nkhani yanuyi."

"Ndiye ndithandizeni kulitulutsa. Lupanga munthu amalidziwa bwanji kwawo?"

"Limanena lokha. Opanga ankalemba pachitsulo, maluwamaluwa, chisoti cha mfumu, nthawi zina ndi dzina la gulu la asilikali. Koma lanu lija ndinaliyang'anitsitsa pa Khirisimasi. Ndi losalala ngati supuni. Mumalitani?"

"Timakwecha."

"Ndi chiyani?"

"Mchenga wa ku Pungwe."

Craig anagwira mutu ndi manja onse a girisi. "Mwakwecha dzina, Mai Anotida. Inuyo, amai anu, ndi ambuya anu omwe."

Loness anachita manyazi mpaka kutentha m'makutu. Zaka zonsezi anthu ankamutama kuti m'manja mwake lupanga limawala kuposa kale, iye n'kumadzimva, osadziwa kuti akufafaniza umboni wopulumutsira mlongo wake.

"Patsala malo amodzi," Craig anapitiriza. "Patsinde penipeni pa chitsulo, pomwe chimalowa m'chogwirira. Pamenepo mchenga wanu sufika chifukwa cha tinsalu tija. Ajeremani ankadindapo dzina la mzinda wawo wa osula, Solingen, ndi kachizindikiro ka wosulayo. Angerezi ankaikapo nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, pakati pake pali kabatani ka mkuwa, kuseri kwake dzina la amene analipanga kapena kuligulitsa. Mukaona nyenyezi musadikire kuti wina awerenge. Thawani."

"Agogo anga sankanama."

"Sindinati ankanama. Ndikuti ine sindinaone, inunso simunaone."

Loweruka atapita ndi mbatata zina, Loness ananong'oneza achimwene ake zimene ankafuna kuchita. Tobiyasi anamuyang'ana ngati wamutukwana.

"Ukufuna kuvula bambo pabwalo la mpira?"

"Ndikufuna mutuluke muno, achimwene."

"Ndakana. Kingi ndine, mwini mbumba ndinenso. Akufa asiye agone."

"Akufa akagona, ife atatikweza palole, manda awo alimira ndani? Mwini mbumba wakhala pathumba m'shedi. Mukatuluka mudzandizenge mlandu, ndidzagwada."

Tobiyasi anatembenukira kukhoma. Loness anatenga kambale kake n'kumapita. Tsopano anali atakangana ndi chipani, ndi mlongo wake, mawa akakangane ndi akufa. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Lamulungu anthu sanapemphere n'komwe, anyamata anawatulutsa m'tchalitchi nyimbo yachiwiri isanathe. Pabwalo la mpira anawakhazika paudzu, amuna uku, akazi uku, n'kuwakwezetsa zibakera mpaka mapewa kuwawa. Tobiyasi anabwera naye atamugwira m'khwapa anyamata awiri, mapazi akukwekwereka. Craig nayenso anyamatawo anamuimika pambali pa golo kuti aliyense amuone. Chamunorwa analankhula nthawi yaitali za Angerezi ndi agalu awo, lupanga akuligwedeza m'mwamba ngati muuni, kenako anati wogulitsa dziko alankhule.

Tobiyasi asanatsegule pakamwa, Loness anaimirira. Anadutsa pakati pa akazi anzake, wina akumukoka chitenje kuti akhale pansi, mpaka anafika pamaso pa Chamunorwa.

"Munthu sam'weruza ndi mbuzi imene sanaione khutu," anatero mokweza kuti onse amve. "Lupanga ili lili ndi chizindikiro cha amene analipanga, pansi pa tinsaluti. Ife timati ndi la Mjeremani, agogo anga analitenga kunkhondo manijala wanuyo asanabadwe. Iwe ukuti ndi la Mngerezi. Ndipatse ndimasule, anthu aone. Kapena ukuopa?"

Chamunorwa anaseka. Ankakonda chionetsero, ndiponso mawu akuti kuopa sakanawameza pamaso pa anyamata ake. Analiponya lupangalo paudzu.

Loness anavula chitenje cha pamwamba, n'kuchiyala, n'kuligonekapo. Atagwada, dzanja lake linafika kuchogwirira koyamba chibadwire. Akazi achikulire anayamba kubuula chapansipansi monga achitira pa maliro. Mfundo yoyamba inali yolimba, moti anachita kuithandiza ndi mano.

"Awa ndi bambo anga, a Kefasi," anatero atakakweza kansaluko. "Anathyola tiyi m'phiri ilo mpaka msana kupindika. Agona kuseri kwa fakitale. Pepani, bambo."

Anakapinda n'kukalowetsa pachifuwa. Kachiwiri kanali kofiirira ndi thukuta la manja. Atakamasula anaimirira n'kukatambasulira kwa Chamunorwa.

"Awa ndi a Zakeyu, agogo ako, obala mayi ako. Ine sindingawasunge, eni ake alipo. Pansi sindingawaikenso. Landira."

Thupi limakumbukira zimene mutu waiwala. Chamunorwa asanaganize, manja ake onse awiri anali atatambasuka, mawondo atapindika pang'ono, monga Agripina anamuphunzitsira kulandira chinthu kwa wamkulu. Wina mwa anyamata ake anatulutsa kaphwete. Chamunorwa anakakankhira kansaluko m'thumba la buluku msangamsanga ngati kakumuotcha, maso ali psuu.

Loness anagwadanso. Anamasula ena, a masiku a ku Chipinge, kuwatchula mayina ndi kumene agona, wina kuseri kwa komboni yakale, wina m'munsi mwa nkhalango ya Chirinda. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagona ku Malawi. Potsiriza anamasula ka a Jaison, eni gule. Pansi pake panatsala chinsalu china chosiyana ndi tonse tija, chidutswa cha bulangete la asilikali, chokuta chogwirira chonse ndi tsinde la chitsulo, chosokedwa ndi luzi, chomatidwa phula. Chimenechi a Jaison anachiika okha ali moyo, ndipo ankati ndi cha mnzawo amene anafera kunkhondo. Zala zinakanika. Chamunorwa, pofuna kuti zithe, anamuponyera kampeni kake.

Chibulangetecho chinasweka ngati khoko la mtedza. Chotchingira dzanja chinaonekera, chodetsedwa ndi zaka, chili ndi chisoti cha mfumu ndi zilembo zolukanalukana. Ndipo patsinde pa chitsulo panali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, kabatani ka mkuwa kali pakati, kakuwala ngati akaika dzulo.

Loness anayang'ana kugolo. Craig anali atazolika. Mawu ake aja, oti thawani, anamubwerera m'khutu, koma akanathawira kuti atasiya mlongo wake pamenepo? Chamunorwa anatsomphola lupangalo, kulitembenuza, n'kulipukuta ndi chala chachikulu. Dzina la wopanga linamukanika lilime, koma liwu la pansi pake analiwerenga mokweza, kawiri.

"London. London, makomuredi."

Anyamata anakuwa, kuimba likhweru, ena akuthamangira kale kumitengo ya bulugama ija. Tobiyasi anatsinzina. Loness anatsala chogwada, chibulangete chili m'manja. Anali atavula bambo ake pagulu kuti apachike mlongo wake ndi manja ake omwe. Panthawiyo agogo ake akanadzuka m'manda, akanawalavulira.

Maso ake anagwera pa msoko wa chibulangetecho. Unali msoko wothinana, wobwereza kawiri, wa munthu amene sakufuna kuti chinthu chidzatsegukenso. Munthu wolira mnzake amamanga mfundo, samata phula. Anakumbukira msana wa a Jaison akuwothera dzuwa pakhonde, mizeremizere yotukuka ya chikoti, imene ana ankaopa kuikhudza. Anakumbukira kuti anzawo onse ankapitako ku Malawi ndi masutikesi, koma iwo sanapondekonso, ndipo galimoto ya apolisi ikalowa pakomboni ankapezeka ali pakati pa tiyi ngakhale Lamulungu. Anakumbukiranso amayi ake akumugwira dzanja pokwecha, akuti limbikira apa, mwanawe, apa ndi apa, agogo ako ankati pamenepa pasatsale kanthu. Ndiye Loness anaseka. Kunali kuseka kouma, kwa munthu amene wazindikira kuti anapusitsidwa ndi wochenjera wa kwawo komwe.

Phokoso linazilala, poti munthu woseka pamalo otero amaopsa. Loness anaimirira.

"Wawerenga bwino, ndi la ku London. Ndiye tandiuza, mwana wa Agripina. Mphatso ya bwana munthu amaisokera m'bulangete? Amaimata phula? Mphatso ya bwana amaipachika pabalaza kuti alendo aione. Agogo anga anasenza katundu wa Mngerezi, Mngereziyo n'kuwalemba msana ndi chikoti. Alipo pano amene anauona msana umenewo."

"Tinauona," linatero liwu la nkhalamba ina kumbali ya amuna, ndipo ena anavomereza.

"Anam'landa lupanga lake n'kuthawa nalo, kwawo osabwererakonso. Za Mjeremani zija ankanamiza apolisi a Angerezi, ife n'kumeza nawo. Mmene anam'landira sindikudziwa, sindinalipo. Koma dzina la mfumu yawo pachitsulo ichi tinalifafaniza ndife, akazi a pakomboni, chaka ndi chaka, ndi mchenga wa ku Pungwe. Iwe Mngerezi unam'landa chiyani? Ine ndangoona ukulanda mbatata zanga."

"Nyarara!" Chamunorwa anakuwa, kumuuza kuti akhale chete, lupanga atalikweza pamwamba pa mutu wake.

Loness sanaphethire. Pakamwa panali patatseguka kale.

"Tema. Likhala koyamba kudula munthu chichokere ku Ntchisi. Ukapanda kutema, itana lole yako ibwere. Koma a Zakeyu anavina nalo lupangali zaka zambiri kuposa achimwene angawa. Ngati kulinyamula ndi kugulitsa dziko, Agripina akwera nafe. Ndipo kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake, ndiye iwenso tikusungira malo pamatumba."

Kenako kumbali ya akazi kunaimirira mayi wamfupi, wowonda, wa mpango wa chigwirizano cha amayi a kutchalitchi. Anali Agripina. Anayenda pang'onopang'ono, mwendo umodzi akuukoka, mpaka anaima phewa ndi phewa ndi Loness. Anangopinda manja pachifuwa n'kumamuyang'ana mwana wakeyo, pansi pa lupanga lomwelo.

Chibale ndi fupa, sichiola. Chamunorwa anayang'ana mayi ake, anayang'ana anyamata ake, ndipo anaona kuti ena mwa iwo ayamba kuwerenga nyerere pansi, poti si iye yekha amene anali ndi agogo pakomboni. Koma mnyamatayo ndale ankazidziwa. Dzanja limene analikweza kuti ateme, analikwezeratu m'mwamba, n'kutembenukira kwa anthu.

"Mwamva, makomuredi? Bakatwa ili munthu wakuda analanda kwa Mngerezi. Ndi chuma cha nkhondo ya ufulu. Kuyambira lero chipani ndicho chilisunga."

Anakwezetsanso anthu zibakera, ndipo pakati pa phokosolo ananena, osayang'ana aliyense, kuti mdala Tobiyasi apite kwawo, koma chipani chidakamuyang'anabe. Mmenemo ndi mmene lupanga la a Jaison linabedwera masanasana, wakubayo akuomberedwa m'manja. Pamene Chamunorwa ankachoka, Agripina anamutsekera njira n'kutambasula chikhatho. Chamunorwa anapisa m'thumba, anatulutsa kansalu kaja, n'kukapereka ndi dzanja limodzi, nkhope ili kumbali. Agripina anakawongola pabondo pake n'kukapatsa Loness.

Craig anabwera ndi wilibala ya kufakitale, ndipo anam'kankha Tobiyasi mpaka pakhomo pake. Atam'khazika pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi amchere, Tobiyasi anangoyang'ana msomali uja kudzera pachitseko.

Loness anagwada monga analonjezera. "Ndabwera, achimwene. Zengani mlandu."

Loness anadikira mpaka mawondo kuwawa. Atatopa anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutulukamo ndi mpeni wodulira tiyi wa achimwene akewo, wokhota kunsonga, umene wosula wa pakomboni anaupanga ndi chitsulo cha lole yakufa. Anakhala pansi, anatulutsa tinsalu tonse pachifuwa, n'kuyamba kutimanga pachogwirira chake cha mtengo. Mantha onse a pabwalo aja anamupeza tsopano, ndipo misozi inkagwera pamfundo. Chibulangete chija sanachimange, anachisiya pambali. Panalibenso choti abise.

"Walakwitsa," Tobiyasi anatero mwadzidzidzi.

Loness anaima.

"A Zakeyu abwere pansi, bambo pamwamba. Anayamba kupita ndi a Zakeyu. Kumasula unadziwa, kumanga kukukanika?"

Loness anamasula n'kumanganso mwadongosolo lake. Atamaliza anaugwira mpeniwo kuchitsulo, monga anazolowera, n'kuupereka ndi manja awiri. Tobiyasi sanalandire. Anatulutsa phazi limodzi m'beseni, analiyang'ana kunsi, n'kulibwezeramo.

"Awa safika pa Khirisimasi akuvina," anatero. "Koma mganda utuluka, udutse pakhomo pa chishedi chija, amve malipenga. Patsogolo pakhale munthu."

"Mkazi, achimwene? Anthu adzati chiyani?"

"Unavula akufa pabwalo la mpira, lero ukuopa amoyo?" Tobiyasi anam'kankhira mpeniwo. "Gwira bwino, Loness. Osati kuchitsuloko. Kuchogwirira."